Galasi Loonera Njati

1.
Miyendo itatu. Wogulitsa uja, bambo wa ku Lusaka wa nsapato zoyera, anaitambasula pathanthwe umodziumodzi ngati akuphunzitsa mwana wa ng'ombe kuima. Pamwamba pake anamangapo chimpope chakuda, galasi kutsogolo, galasi kumbuyo. Kuseri kwa thanthwelo dziko linangothera pomwepo. Phompho. Kenako chigwa cha Luangwa, chotuwa, chikuyandama mu utsi wa lupsa.

Ndi ili, bwana, muziwerenga nkhupakupa pakhutu la njati, anatero wogulitsa.

Nanga nkhupakupazo tizitani nazo, anayankha Nachisale, amene sanafunsidwe ndi munthu.

Amuna ake, a Khombe, anaseka. Anaima chilili, manja kumbuyo, nkhope atalozetsa kumene kunali tchire chabe.

Chigwa chonsechi kumanzereku, ndiye mphepo ileke bwanji kutizizira, anadandaula Nachisale akukoka mpango. Ndikungonena.

A Khombe anatembenukira kumanzere pang'onopang'ono, ngati munthu amene wangofuna yekha.

2.
Ndi mmene akhala akukhalira chichitireni ng'ala maso a a Khombe. Sanakambiranepo. Palibe tsiku limene anakhala pamphasa nkugwirizana. Nachisale anangoyamba kudandaula mokweza, ndipo popeza anali wodandaula kale, palibe amene anadabwa.

Taonani a Gwaza ndi jekete lawo lomwe lija, ngati alibe lina. Pomwepo a Khombe amakweza dzanja: A Gwaza! Kwacha bwanji kumeneko?

Ana a masiku ano, kusiya khasu pakati penipeni pa njira.

Ndani wanzeru amene wakumba ngalande pakhomo pa tchalitchi.

Ndikungonena.

Ana asanu anawalera choncho, ndi pakamwa. Anaganiza kuti wamaliza.

3.
Ntchito ya a Khombe ndi kuyenda patsogolo. Mvula ikatha, udzu ukauma, amatsikira kuchigwa ku kampu ya alenje, kumene alendo amabwera ndi mfuti zawo kudzasaka njati. Mlendo ali ndi mfuti. Gershom, mlenje wamkulu wa kampuyo, ali ndi mfuti. A Khombe ali ndi kamtengo kolozera pansi. Iwo ndi amene amalondola mapazi. Iwo ndi amene amati iyo ayi, ndi yaikazi, iyonso ayi, ikadali mnyamata, ombani yaima payokhayo, kakuli, nkhalamba imene inachoka m'gulu. Ndipo mlendo akaphonya pamtima, njati nkulowa m'udzu wautali ili ndi chipolopolo m'mimba, woyamba kulowa m'udzumo, maso pansi, ndi iwo.

Njati yovulala sithawira kutali. Imazungulira, nkuima pambali pa mapazi ake omwe, nkudikira. Nachisale anazimva kwa eni akewo kalekale, akusimbira ana moseka.

Kampu itsegulidwa mwezi ukubwerawu.

4.
Zimene wogulitsa anatsitsa m'galimoto:

galasi lalikulu, lolemera ngati mwana woyamba kukwawa, limene akuti limaona kusanache kwenikweni

galasi lapakati, lopindika khosi ngati bakha, loti munthu aziliweramira

galasi laling'ono lolowa m'chikwama, labwino kwa woyenda, loipa kwa wofuna kudziwa zaka za nyama

miyendo yachitsulo

miyendo yakuda yopepuka ngati mapesi

kansalu kachikasu kopukutira, kamene Nachisale anaona kuti sikanachapidwepo

mawu ambirimbiri

5.
Gershom ndi amene anawatenga a Khombe kunyumba tsikulo kusanatenthe. Munthu wamkulu tsopano, wamimba, wa imvi m'ndevu, koma pamaso pa a Khombe amavulabe chipewa. Anaphunzira tchire kumbuyo kwawo.

Atate, kampu igula galasi limodzi ndi miyendo yake, anatero Gershom. Wosankha ndinu, chifukwa diso lokhalapo ndi lanu. Alendo a chaka chino akufuna kakuli weniweni. Tikaomba yaing'ono, a boma atilanda chilolezo.

Kenako anaona Nachisale akukwera kutsogolo ndi kathumba kake.

Mayi, nanunso?

Ndikupita kwa mwana wathu Mwatitha, mdzukulu akumera mano.

Mwana wa Mwatitha uja wayamba sukulu, mayi.

Ndiye kuti manowo akuguluka. Yendetsa galimoto, Gershom.

6.
Chaka chatha a Khombe anapita ndi maso omwewa ndipo anabwerako, anabwerako ataonda ngati nsungwi, atazolowera kununkhiza mphepo ngakhale ali pakhonde pawo, kugwira ndowe za ng'ombe ndi kuseri kwa dzanja ngakhale ali panjira ya kumsika, ndipo Gershom anadzawatula akuyamika, mayi atatewa chaka chino alondola ngati amizimu, sakuyang'ananso pansi, angoima nkutseka maso nkuloza, ndipo Nachisale anati eya ndi mphatso, akuwalandira chikwama, akuona mmene dzanja lawo likufufuzira mzati wa khonde limene anamanga okha, ndipo chilimwe chonsecho iye anali akulankhulabe m'nyumba yopanda munthu, taonani chitsa icho, taonani udzu wagona uko, pali chakuda chaima pamthunzi apo, akusesa, akusinja, akutunga, mpaka mkazi wa a Gwaza anamufunsa pachitsime ngati zonse zili bwino kumutu, iye nkuti zili bwino ndikungonena, ndipo mawuwo ankatuluka pakhomo nkutsika mapiri onse aja okha opanda mwini, sakudziwa ngati ankafika

7.
Miyendo anasankha mosavuta. Miyendo imasankhidwa ndi manja.

A Khombe anagwira yakuda ija, naikweza ndi chala chimodzi.

Imeneyo simuimva paphewa, bwana, anatero wogulitsa. Koma sindikunamizani, m'mphepo imanjenjemera. Mumapachika mwala pakangowe apa kuti ikhazikike.

Ndiye ndinyamule miyendo yopepuka ndi mwala wolemera?

Miyala ili paliponse, bwana.

Kuchigwa kulibe miyala, mwanawe. Dothi lokhalokha.

Aa, ndiye tengani yachitsulo. Ikupwetekani msana koma siikunamizani.

Anagwira yachitsulo. Anaitsamira. Anamasula timfundo take, kutalikitsa, kufupikitsa, kumvetsera ngati mchenga ungalowemo. Anagogoda mwendo umodzi ndi chikhadabo, dzanja lina lili pamwamba, kuti amve kunjenjemera kumatha liti. Nachisale ankawayang'ana. Manja amenewo analibe ng'ala. Akanakhala kuti njati imasakidwa ndi manja.

Iyi, anatero a Khombe.

8.
Galasi tsopano.

Analiweramira lopindika khosi lija. Wogulitsa anatenga chala chawo nachiika pakagudumu kapamwamba. Muzipotoza apa, bwana, mpaka ziyere. Ndalilozetsa kudambo lija kuli madzi.

A Khombe anapotoza. Kutsogolo. Kumbuyo. Kutsogolonso, mpaka kagudumu kanakana. Mphepo inkawakupiza malaya kumsana. Pansi pa phompho nkhwazi inkazungulira, ndipo zinali zachilendo kuiona nkhwazi kumsana.

Eya, anatero. Eya. Tsopano kwayera.

Mwaona, anatero wogulitsa kwa Gershom.

Tapatukani nanenso ndione chimene amuna akulu atatu adzukira m'mamawa, anatero Nachisale. Anayika diso pamene panali diso lawo. Panali pofunda. Kagudumu sanakakhudze.

9.
Mkaka.

10.
Mkaka wothira madzi. M'katimo munkayenda zinthu zopanda m'mphepete. Chobiriwira chinkasungunukira m'chotuwa. Kuwala kwina kozungulira kunkatupa nkuphwa, kutupa nkuphwa, ngati chinthu chikupuma. Kunalibe kumwamba. Kunalibe pansi. Munthu akanatha kugonamo.

Anakhalamo nthawi. Anaganiza kuti, kodi kuno ndi kumene amakhala? Kuno ndi kumene ndimawatumizira a Gwaza ndi jekete lawo?

Kunali bata. Chimene chinamupweteka ndi chimenecho. Kunali kokongola, ndipo iwo ankakhalako okha.

Mayi, mukuona? anafunsa wogulitsa.

Ndikuona utsi. Anthu a kuno kutentha tchire ngati akulipidwa.

Diso lililonse ndi lake, mayi, anatero wogulitsa. Dikirani. Anatambasula dzanja napotoza kagudumu kubwerera, kubwerera, kubwerera. Anachita tsinya pang'ono poona kutalika kwa ulendo wake, koma sanalankhule. Amalonda amadziwa pokhala chete.

11.
Mkaka uja unang'ambika pakati.

Udzu, tsamba lililonse palokha. Madzi. Matope ong'aluka. Ndipo m'matopemo, pafupi moti Nachisale anabweza mutu, njati zitatu.

Ziwiri zinkadya, zakuda bii, zonyezimira, nyanga zakuthwa zopindikira m'mwamba. Yachitatu inagona payokha kumanja, pansi pa mtengo wouma. Yotuwa kumaso ngati yadzola phulusa. Nyanga zake zinakumana pamphumi nkuuma ngati mwala wa mphero, nsonga zitatha, ina itabenthuka. Khutu limodzi linali nsanza. Kambalame kofiira mlomo kankalowa ndi kutuluka m'mphuno mwake, iyo osasamala.

Mpweya wotentha unkakwera pakati pawo, njatiyo nkumagwedezeka ngati ili pansi pa madzi.

Kenako inadzuka. Inkadzukabe, inkadzukabe. Sinkatha kudzuka.

Inayang'ana kuno.

12.
Iwe. Ndiye ndiwe.

Chikwatiwireni ndakhala ndikuchapa matope ako. Ndadya chiwindi chako, ndaphunzitsa ana ndi thukuta la kukutsata, koma nkhope yako ndinali ndisanaione. Ndinkayesa ndiwe ng'ombe yolusa. Si ng'ombe iwe. Ndiwe nyumba. Ndiwe nyumba yoyenda.

Usandiyang'ane choncho, sindikukuopa, ndatopa chabe. Nawenso watopa, ndikukuona maondo. Mkazi wako ali kuti? Anakusiya upite wekha kumatope? Wanzeru ameneyo.

Uja waima kumbuyo kwangayu akubwera mwezi wamawa. Adzakhala patsogolo. Adzakhala ndi kamtengo. Ukadzaima pamthunzi iye adzaona mthunzi.

13.
Zimene Nachisale wachotsa m'zovala za amuna ake pobwera kuchigwa:

nthata za udzu zolowa mpaka m'msoko

magazi a nyama, amene amachoka ndi madzi ozizira

magazi a munthu, amene amachokanso ndi madzi ozizira

chitedze

fungo la utsi

kamodzi, malaya a mnzawo wina wolondola, a Nsabwe, amene a Khombe anapatsidwa kuti akapereke kwa mkazi wa malemuyo, ndipo Nachisale anati musapereke ali choncho, bweretsani kuno, ndipo sanathe kuwasoka chifukwa panalibe pogwira singano

14.
Pali nyama, anatero Gershom, atayika magalasi ake a m'khosi kumaso. Zakuda zitatu kudambo. Anga awa sakundiuza zambiri. Atate, bwerani, tiliyese galasili pa ntchito yake. Kakuli ndi iti?

Nachisale anapatuka. A Khombe anafika, napeza mwendo wachitsulo ndi bondo, napeza chimpope ndi dzanja, naweramira. Diso pagalasi. Khutu kwa mkazi wawo.

Iye analiona khutulo. Linkadikira ngati mwana wa mbalame.

Mawu anali okonzeka kale pakamwa. Anabwera okha, monga mwa masiku onse. Ngakhale nyama zili ngati amuna a kwathu, anyamata awiri akugwira ntchito, nkhalamba kumanja pansi pa mtengo ikungoyang'ana anthu. Ndikungonena. Zikanatha pomwepo. A Khombe akanati ya kumanja, ya pamtengo wouma. Gershom akanaomba m'manja. Wogulitsa akanakulunga galasi m'bokosi. Mwezi wamawa galimoto likanabwera.

Nachisale anamasula mpango kumutu. Anaupinda. Anaumanganso.

15.
Mphepo.

Njiwa kwinakwake kumunsi.

Chitsulo cha galimoto chikuthetheka pozizira.

16.
Atate?

Ndikuyang'ana, anatero a Khombe.

Anapotoza kagudumu. Anatsokomola, kutsokomola kwa munthu amene akugogoda pakhomo. Nachisale anayang'ana nyerere zimene zinkakoka phiko la chiwala pathanthwe. Phikolo linali lalikulu kuposa dzenje lawo. Zinkayesa mbali iyi, zinkayesa mbali iyo.

Mwakhala chete lero, Nachisale, anatero a Khombe, diso lili pagalasi.

Ndilibe chonena.

Inu?

Ine.

Gershom anaseka, koma kuseka kwake kunafera panjira. Anatsitsa magalasi ake. Anayang'ana mayi, anayang'ana atate.

17.
A Khombe anaweramuka pang'onopang'ono, ngati akutula mtolo wa nkhuni. Dzanja silinachoke pachimpope.

Gershom, mwana wanga. Pali njati zingati?

Zitatu, atate.

Wanena kale zimenezo, eti. Ndiye ndikanati zitatu. Anapukuta diso ndi chala. Ine ndikuona chifunga. Galasi lalikulu lija lindionetsa chifunga chachikulu. Laling'onolo, chifunga cholowa m'chikwama.

Palibe anaseka.

Kuyambira liti?

Mvula ziwiri zapita.

Chaka chatha, atate? Mu udzu wa kumtsinje muja, ine ndili kumbuyo kwanu, mlendo ali kumbuyo kwanga?

Momwemo.

Gershom anavula chipewa. Anachivalanso. Anayenda mpaka m'mphepete mwa phompho, naima chofulatira. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika. Atabwerako sanayang'ane munthu.

Ndinkauza aliyense kuti ndi mphatso, anatero. Mpaka ku Chipata ndinkauza anthu.

Ng'ala amachotsa ku chipatala, bwana, anatero wogulitsa motsitsa mawu. Azakhali anga anawachotsa. Ena amaona, ena pang'ono.

Tikaonetsa, anatero Gershom. Ndikutengani ndekha. Koma m'udzu simulowanso, atate. Ngakhale atakuikani maso a nkhwazi, chaka chino ayi.

Ndamva.

Nanga galasi, bwana? Wogulitsa anafunsa mwamanyazi, poti nayenso anabwera kutali.

Funsani mayiwa, anatero a Khombe. Ndi okhawo aliona ntchito.

Lopindikalo, anatero Nachisale. Silipweteka khosi. Ndipo kansaluko mukachape.

18.
Gershom ndi wogulitsa ananyamula mabokosi kutsika nawo kumsewu. Awiriwo anatsala pathanthwe. Dzuwa linali litakwera, chigwa chasanduka choyera, chosaoneka mathero.

Nachisale anadikira. Anali atawachititsa manyazi pamaso pa mwana amene anamuphunzitsa okha, ndi pamaso pa mlendo wa nsapato zoyera. Akalipe. Akhale chete mwezi wathunthu. Zili bwino, bola azikhala chete ali pakhonde.

Mwachedwa, anatero a Khombe.

Ndachedwa chiyani?

Kutseka pakamwa. Chaka chatha chonse ndinkadikira. Ndinkati lero atopa, lero andisiya ndigwe pagulu, anthu aone, ndipume. Koma inu ayi. Kukacha mwayamba. Ndiye ndinkati, mkaziyu akuvutika chonchi kuti ndisachoke pantchito, ine ndimuuze bwanji kuti ndikuopa?

Mukuopa?

M'udzu muja, Nachisale. Ndinkatseka maso kuti Gershom asaone misozi. Iye nkumati mizimu.

Ine ndinkachitira inu. Ndinkati mukadziwika mufa ndi manyazi.

Inenso ndinkachitira inu.

Nachisale anawayang'ana. Nkhalamba yoonda, malaya omanga batani lolakwika. Anafuna kuwamenya ndi kathumba.

Mvula ziwiri, anatero. Pakamwa panga mpaka kuuma. Munalibe pakamwa panu inu?

Mukanandipatsa mpata?

Anakhala chete onse. Kunali kwachilendo.

Inali yokalamba? anafunsa a Khombe.

Yokalamba. Nyanga zotha, khutu long'ambika. Yonyansa ngati inu.

Ndiye kakuli wabwino ameneyo.

Anatambasula dzanja lawo poyera, m'mwamba, osanamizira kuti akufuna mzati kapena mtengo. Kumsewu amuna aja anali atatembenuka, akuyang'ana. Chikwatiraneni awiriwa anali asanagwiranepo dzanja anthu akuona.

Nachisale analigwira.

Pali mwala, anatero. Kwezani phazi.